Mapanga awiri a masikawuti a ku America

Mu Julayi 1990, mnyamata wa zaka 19 wa m'chigawo cha New Jersey ku America, dzina lake James Dale, adalandira kalata yaifupi yomudziwitsa kuti salinso membala wa bungwe la masikawuti la Boy Scouts of America. Dale adalowa m'bungweli ali ndi zaka 8 ndipo adakuliramo, kugona m'matenti ake ndi kusoka mabaji ake pa yunifolomu chaka ndi chaka, mpaka mu 1988 adafika pa mlingo wa Eagle Scout, womwe ndi wapamwamba kuposa yonse imene mnyamata angafikepo. Pamene kalatayo inkamupeza anali wothandizira mtsogoleri wa gulu lina la anyamata, ntchito yongodzipereka yopanda malipiro. Mlandu wake udali umodzi: nyuzipepala ya Star-Ledger idatulutsa chithunzi chake pamodzi ndi nkhani yonena kuti iye anali mmodzi mwa atsogoleri a kagulu ka ophunzira okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha pa yunivesite ya Rutgers. Atalemba kalata yofunsa chifukwa chimene amuchotsera, akuluakulu a bungweli adamuyankha kuti malamulo awo salola amuna otere kukhala mamembala.

Dale adakamang'ala kukhothi mu 1992. Chigawo cha New Jersey chili ndi lamulo loletsa tsankho m'malo otumikira anthu onse, ndipo mu 1999 khothi lalikulu la chigawocho lidagamula kuti bungwe lolandira anyamata mamiliyoni, lokopa ana kudzera m'masukulu a boma, ndi malo otumikira anthu onse ndithu, kotero liyenera kumubwezera Dale pa udindo wake. Bungweli lidachita apilo ku khothi lalikulu la dziko lonse ku Washington, ndipo pa 28 Juni 2000 oweruza asanu mwa asanu ndi anayi adatembenuza chigamulocho. Mkulu wa oweruza, William Rehnquist, adavomereza kuti Dale anali sikawuti wa chitsanzo chabwino, koma adati kukakamiza bungwe kusunga mtsogoleri amene kupezeka kwake kukusemphana ndi chiphunzitso cha bungwelo ndi kulilanda ufulu wolankhula ndi wosonkhana umene malamulo aakulu a dzikolo amapereka.

Ndikudziwa kuti ambiri owerenga ndemangayi ali nawo kale maganizo awo pa nkhani ya amuna okondana okhaokha, ndipo ena afika pano atagamula kale mlanduwo mumtima. Ndikupempha kuti maganizo amenewo tiyambe tawaika pambali, chifukwa pa khomo lomwelo padabwezedwanso ana osakhulupirira kuti kuli Mulungu, atsikana, amayi ofuna kutsogolera magulu, ndipo kalekale ana akuda. Funso lenileni ndi lakuti bungwe la achinyamata lomwe si la boma lili ndi mphamvu zotani zosankha wolowa ndi wotsala panja. Ine ndikuona kuti oweruza asanu aja adalondola ponena kuti khomo ndi la eni bungwe. Pamene ndikusiyana ndi bungweli ndi pa zimene lidachita pambuyo pake, polimbikira kuti likhale la paokha pa nkhani ya khomo koma likhalebe mwana wokondedwa wa boma pa nkhani ya ndalama, nyumba ndi malo.

Tiyambe ndi chifukwa chimene ndikuimira kumbali ya asanu aja. Ufulu woti anthu azisonkhana ndi amene akugwirizana nawo, popanda boma kuwasankhira atsogoleri, sudayambe ngati chida cha anthu amphamvu. Khothi lomwelo lidaulimbitsa mu 1958, pamene boma la chigawo cha Alabama linkafuna kulanda mndandanda wa mamembala a NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, pa nthawi imene dzina la munthu likadziwika ankatha kuchotsedwa ntchito kapena kuotcheredwa nyumba. Mphamvu imene boma lingagwiritse ntchito lero poika Dale pa utsogoleri wa gulu limene silikumufuna ndi yomweyo imene boma lina lingagwiritse ntchito mawa poika mdani wa Dale pa utsogoleri wa kagulu kake ka ku Rutgers kaja. Akuluakulu adati nyumba ya mwini saotchera mbewa, ndipo boma nalo ndi mlendo m'nyumba zambiri. Khothili silidanene kuti bungwe lililonse lingasale aliyense mmene lafunira. Mu 1984 lidalamula bungwe la Jaycees kulandira amayi, ndipo mu 1987 lidagamula chimodzimodzi pa mlandu wa Rotary, poona kuti kulowa kwa amayi sikukadasintha chilichonse pa uthenga wa mabungwewo, amene kwakukulu ndi malo odziwirana anthu a bizinesi. Bungwe lophunzitsa ana khalidwe ndi losiyana, pakuti mtsogoleri wake amaphunzitsa ndi moyo wake womwe, osati ndi pakamwa pokha.

Komabe mawu a oweruza anayi otsutsa, amene adalembedwa ndi John Paul Stevens, sali opepuka, ndipo amene amawanyalanyaza sadawawerenge. Stevens adasanthula lumbiro ndi malamulo a masikawuti ndipo adapeza kuti mawu amene bungweli linkatsamirapo, onena za kukhala wolungama m'makhalidwe ndi kukhala waukhondo, satchula n'komwe nkhani zogonana. Buku la atsogoleri linkawalangiza kuti mwana akafunsa za nkhani zimenezi amutumize kwa makolo, kwa atsogoleri a chipembedzo kapena kwa ena odziwa. Chikalata cha 1978 chonena kuti amuna okondana okhaokha asakhale atsogoleri chidangozungulira pakati pa akuluakulu a kulikulu, osafika kwa anyamata. Tsono chiphunzitso chimene Dale ankachisokoneza ndi chiti, ngati iye adakhala m'bungweli zaka 12 osachimvapo? Apa ndikuvomereza kuti bungweli lidachita zosalongosoka. Lamulo lotsekera munthu panja liyenera kulembedwa pachitseko, kuti kholo lolembetsa mwana wa zaka 8 lidziwe chimene likulowetsamo mwana wake, osati kulisunga m'kabati n'kudzalitulutsa tsiku limene nyuzipepala yatulutsa chithunzi. Koma kusalongosoka ndi nkhani ina, ndipo kupatsa oweruza mphamvu yotanthauzira chikhulupiriro cha bungwe m'malo mwa eni ake ndi nkhani inanso. Woweruza akayamba kuuza anthu kuti zimene akunena kuti amakhulupirira sakuzikhulupirira mokwanira, palibe mpingo kapena chipani chimene chingagone tulo.

Vuto ndi lakuti Boy Scouts of America sidali kagulu kokumana pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi. Bungweli, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1910, lidalandira chikalata chapadera cholivomereza kuchokera ku nyumba ya malamulo ya dzikolo mu 1916. Mtsogoleri wa dziko ankakhala pulezidenti wake waulemu. Masukulu a boma ndi malo a asilikali ankayendetsa okha magulu a masikawuti, ndipo kuyambira 1981 mpaka 2010 msonkhano wake waukulu unkachitikira pa malo a asilikali a Fort A.P. Hill ku Virginia. Kukhothi linkati ndife a patokha, musatilowerere. Ku ofesi ya mzinda linkati ndife a dziko lonse, tipatseni malo aulere. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo mvula yake sidachedwe. Mu 2004 unduna wa zachitetezo udavomera kuti malo a asilikali aleke kukhala eni magulu a masikawuti, ndipo chaka chotsatira bungweli lidayamba kusamutsa magulu amene anali m'manja mwa masukulu a boma, pa chifukwa chosavuta kumva: sukulu ya boma singayendetse gulu limene limabweza mwana chifukwa cha chipembedzo.

Chitsanzo chomveka bwino ndi cha mzinda wa Berkeley ku California. Kwa zaka zambirimbiri, masikawuti ophunzira za panyanja ankakocheza maboti awo pa doko la mzindawo osalipira kanthu. Mzindawo utakhazikitsa lamulo lakuti mwayi wotere uzipita kwa magulu okhawo amene alonjeza kusasala munthu, masikawuti sadathe kupereka lonjezo lokwanira, ndipo mu 1998 mwayiwo udatha. Palibe adawathamangitsa padoko. Adangouzidwa kuti azilipira monga amalipirira wina aliyense. Mu 2006 khothi lalikulu la California lidagwirizana ndi mzindawo. Sindikuonapo nkhanza pamenepa. Doko limasamalidwa ndi msonkho wa anthu onse, kuphatikizapo kholo limene mwana wake adabwezedwa, ndipo n'kulakwa kuuza kholo limenelo kuti lipitirize kulipirira chitseko chimene chidamenyetsedwa pankhope pa mwana wake. Mbali inayo iyeneranso kunenedwa. Lamulo limene nyumba ya malamulo ya dzikolo idaika m'malamulo a zamaphunziro osainidwa mu 2002, lakuti sukulu imene imabwereketsa zipinda kwa magulu akunja isamane masikawuti okha, ndi lachilungamo. Kulandira zimene aliyense akulandira ndi ufulu. Kulandira mphatso yapadera si ufulu.

Nkhani ya ku Philadelphia ndiyo imandivutitsa maganizo, ndipo sindiibisa ngakhale ikufooketsa mfundo yanga. Nthambi ya masikawuti ya mumzindawo, imene pambuyo pake idadzatchedwa Cradle of Liberty, idamanga yokha likulu lake la miyala pa malo a mzinda chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo inkalipira lendi yongosonyeza ulemu, dola imodzi pachaka. Mu 2003 nthambiyi idayesa kukhazikitsa lamulo lake losasala munthu, koma likulu la dziko lonse lidaikakamiza kubweza. Mzinda udati tsono asankhe: akane lamulo la kulikulu, achoke, kapena azilipira madola 200,000 pachaka. Mlandu utafika kukhothi mu 2010, udakomera masikawuti, pa mfundo yakuti mzinda udapitirira malire pofuna kuti nthambiyo ikane lamulolo m'ntchito zake zonse, osati za m'nyumbamo zokha. Mapeto ake mu 2013 adagwirizana kuti mzinda upereke madola 825,000 ndipo masikawuti atuluke. Amene adapanikizika zaka khumi zonsezo ndi nthambi imene idafuna kusintha koma idamangidwa manja, pamodzi ndi ana a m'makomboni osauka a mzindawo amene sadalembe lamulo lililonse. Izi zikundiphunzitsa kuti boma nalo likhoza kugwiritsa ntchito thumba lake ngati chikwapu, ndipo malire oyenera ndi akuti lilamule zochitika pa malo ake ndi ndalama zake, osati zolankhula za bungwe kwina kulikonse.

Pali kusiyana kwina kumene mkanganowu umakonda kukuphimba, kwa pakati pa wamkulu wofuna kutsogolera ndi mwana wofuna kulowa. Mfundo ya Rehnquist ili ndi mphamvu pa mtsogoleri, popeza iye amayankhula m'dzina la bungwe. Pa mwana, mphamvu yake imachepa kwambiri. Mu 1989 ku Illinois, mwana wina wa kupulayimale adabwera kunyumba ndi kapepala koitanira anyamata ku masikawuti. Bambo ake atapita kukamulembetsa adapeza pa fomu chiganizo chovomereza udindo wa munthu kwa Mulungu, ndipo popeza banjalo silinkakhulupirira zimenezo, mwanayo adabwezedwa. Khothi la apilo ku Chicago lidaikira kumbuyo bungweli mu 1993. Ku California, mapasa a m'banja la Randall, a zaka 9, adachotsedwa mu 1991 chifukwa polumbira ankadumpha dzina la Mulungu, ndipo mu 1998 khothi lalikulu la chigawocho lidati bungweli lili ndi ufulu wotero. Taganizirani mzere wa tiana tovala tinsalu ta m'khosi, dzanja lili m'mwamba, awiri mwa iwo akukhala chete pa mawu amodzi okha. Akadanama, akadatchula mawuwo ngati mmene ana ambiri amatchulira osaganizirapo, akadakhalabe m'gulu mpaka kukula. Adalangidwa chifukwa chonena zoona, m'bungwe limene lamulo lake loyamba ndi lakuti sikawuti akhale wodalirika. Malamulo a dziko angalole zimenezi, koma kuloledwa ndi khothi sikusandutsa chinthu kukhala chanzeru. Mwana wa zaka 9 sabwera kudzaphunzitsa gulu. Amabwera kudzaphunzira kumanga mfundo za chingwe ndi kusonkha moto pamvula, ndipo ngati bungwe likukhulupirira kuti chiphunzitso chake n'chabwino, mwana amene alibe chiphunzitsocho ndiye woyamba kumulandira.

Mbiri ikusonyezanso kuti malamulo a pakhomo amene amanenedwa kuti ndi mtima weniweni wa bungwe kawirikawiri amakhala chizolowezi cha nthawi yake chabe. Kwa zaka zambiri likulu la masikawuti lidalola nthambi za kummwera kwa America kulekanitsa ana akuda ndi oyera, ndipo zimenezi zidatheratu mu 1974. Kuno kummwera kwa Africa nkhani yake tikuidziwa: ku South Africa anyamata akuda adawapangira gulu lapadera la Pathfinders kuti asavale dzina limodzi ndi ana a azungu, ndipo magulu ogawidwa potengera khungu adaphatikizana mu 1977, boma la tsankho likadalipo. Amayi adaloledwa kutsogolera magulu a anyamata ku America mu 1988. Nthawi iliyonse padali anthu olosera kuti usikawuti watha, ndipo matenti adapitirira kukhomedwa.

Chochititsa chidwi n'chakuti chimene khothi lidakana kukakamiza mu 2000, bungweli lidachita lokha patatha zaka 15. Chifukwa cha chiletsocho, nthambi zina za United Way, bungwe losonkhetsa ndalama zothandizira anthu, zidasiya kulithandiza, katswiri wopanga mafilimu Steven Spielberg adatula pansi udindo wake m'komiti yolangiza masikawuti mu 2001, ndipo mu 2012 makampani a Intel, UPS ndi Merck adaimitsa thandizo lawo. Chaka chomwecho amuna ena amene adafika pa mlingo wa Eagle Scout adayamba kubweza mamendulo awo kulikulu. Mu Meyi 2013, nthumwi pafupifupi 1,400 zitasonkhana ku Grapevine m'chigawo cha Texas, 61 mwa 100 alionse adavota kuti mnyamata asachotsedwenso chifukwa chokonda amuna anzake. Mu Julayi 2015, motsogozedwa ndi Robert Gates, nduna yakale ya zachitetezo, chiletso cha atsogoleri okonda amuna anzawo chidachotsedwanso, koma magulu oyendetsedwa ndi mipingo adasiyiridwa ufulu wosankha atsogoleri awo motsatira chiphunzitso chawo. Atsikana adayamba kulandiridwa m'magulu a ana aang'ono mu 2018 ndi a okulirapo mu 2019. Ndikuona kuti kusintha kobwera motere n'kolimba kuposa kolamulidwa ndi woweruza, chifukwa amene adagonja adagonja pa voti ya anzawo, atapatsidwa mpata wolankhula.

Sindikunena kuti kudali kopanda mtengo wake. Pa nthawi ya voti ija, magulu pafupifupi 70 mwa 100 alionse anali m'manja mwa mipingo. Makolo osakondwa adayambitsa bungwe lawo lachikhristu la Trail Life USA mu 2013. Mpingo wa Church of Jesus Christ of Latter-day Saints, umene udagwira ntchito ndi masikawuti kuyambira 1913, udachoka kumapeto kwa 2019 pamodzi ndi anyamata pafupifupi 400,000, ngakhale kuti chifukwa chimene udapereka n'chakuti unkafuna dongosolo limodzi la achinyamata ake pa dziko lonse lapansi. Ena amaloza kuchepa kwa mamembala, kuchoka pa ana oposa 4 miliyoni m'zaka za m'ma 1970 kufika pafupifupi 1 miliyoni masiku ano, ngati umboni wakuti kutsegula khomo kudapha bungwe. Chiwerengerocho chidayamba kutsika kale khomo lili chitsekere, ndipo mliri wa Covid-19 udadzawonjezera. Komanso chimene chidagwetsa bungweli pansi n'china.

Kuyambira cha m'ma 1920, likulu linkasunga mafayilo achinsinsi a akuluakulu oganiziridwa kuti adachitira ana nkhanza zogonana. Mu Okutobala 2012, khothi la ku Oregon litalamula, mafayilo oposa 1,200 a pakati pa 1965 ndi 1985 adatulutsidwa poyera, ndipo adasonyeza kuti nthawi zambiri nkhani sizinkafika kupolisi, ndipo ena ochotsedwa ankalowanso m'gulu lina. Mu Febuluwale 2020 bungweli lidauza khothi kuti silingathe kulipira onse olisumira. Amuna oposa 82,000 adabwera kudzanena zimene adachitiridwa ali ana, ndipo thumba la chipepeso lidafika madola pafupifupi 2.4 biliyoni. Bungweli silidanene kukhothi kuti James Dale anali chiopsezo kwa mwana aliyense. Lidathera zaka zisanu ndi zitatu ndi maloya odula polimbana naye, pa nthawi imene m'kabati mwake mudali mayina a anthu amene adavulazadi ana. Mlonda amene adakhalira kuyang'ana zikhulupiriro ndi moyo wamseri wa olowa sadayang'ane mokwanira zochita za amene anali kale mkati.

Pa 8 Febuluwale 2025 bungweli lidasintha dzina kukhala Scouting America. Chigamulo cha 2000 chidakalipo, ndipo lero chikuteteza kwambiri mabungwe ngati Trail Life USA, amene amanena poyera zimene amafuna kwa atsogoleri awo ndipo amayendera ndalama za mipingo ndi makolo. Ndilibe nawo mlandu pa zimenezo. Koma pali khomo limodzi limene latsala chitsekere. Masikawuti a ku Britain, kumene Robert Baden-Powell adayambitsira zonsezi pa chilumba cha Brownsea mu 1907, adakhazikitsa lumbiro lina la osapembedza mu Januwale 2014, osachotsa lakale lija kwa olifuna. Ku America, chiganizo chovomereza udindo kwa Mulungu chidakali m'malamulo a umembala, chikalata cha nyumba ya malamulo cha 1916 chidakali m'manja mwa bungweli, ndipo kholo losapembedza lofuna kulembetsa mwana wake liyenerabe kusankha pakati pa kusaina zimene silikhulupirira ndi kubwerera naye kunyumba.